Kampani yofafaniza mbiri ya milandu ku Joni: zimene tinalipirira ndi zimene boma limachita ulere

Mmalawi aliyense amene wakhalitsa ku South Africa anaonapo malonda a makampani olonjeza kufafaniza mbiri ya milandu, kaya pa Facebook, m'magulu a WhatsApp, kapena pa timapepala timene amamata pafupi ndi makhoti a majisitireti. Ine ndinalipira imodzi mwa makampani amenewa, ya mu Johannesburg, kuti ithandize mphwanga, ndipo popeza abale ambiri akhala akundifunsa ngati ndalamazo zinapita pabwino, ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse mwatsatanetsatane. Dzina la kampaniyo sinditchula, chifukwa cholinga changa si kuitsatsira malonda kapena kuiipitsira mbiri, komanso makampani a mtundu umenewu amagwira ntchito mofanana kwambiri. Mmene ndaonera ine, kampaniyo inagwira ntchito yake moona mtima ndipo inafikitsa nkhani yathu kumapeto, koma mbali yaikulu ya zimene inatigulitsa ndi zinthu zimene boma la dzikoli limachita ulere, ndipo pa funso limene limatisowetsa tulo ife obwera, la mapepala okhalira m'dziko, inalibe yankho.

Nkhani ya mphwanga ndi yofanana ndi ya anthu ambiri. Mu 2011 anakangana ndi mnzake wa kuntchito mpaka kukankhana, mnzakeyo anakadandaula ku polisi, ndipo mphwanga anatengedwa. Kupolisiko anapatsidwa pepala lomulola kulipira chindapusa cha R500 m'malo mokaonekera kukhoti, ndipo iye analipira mwamsanga poopa kutaya ntchito, akuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti kulipira chindapusa chimenechi, chimene pamapepala a polisi chimalembedwa kuti admission of guilt, ndi kuvomera mlandu. Malinga ndi ndime 57 ya Criminal Procedure Act, lamulo la kazengedwe ka milandu nambala 51 la 1977, kalaliki wa khoti akalowetsa malipirowo m'kaundula wa milandu, munthuyo amatengedwa ngati wapezeka wolakwa ndipo wapatsidwa chilango ndi khoti, ngakhale sanaime pamaso pa woweruza. Ngati apolisi anamudinditsa zala, dzina lake limakalembedwa ku Criminal Record Centre, ofesi ya apolisi yosunga mbiri ya milandu ku Pretoria, ndipo limakhala komweko mpaka padzapezeke pempho loti lichotsedwe. Mphwanga anadziwa zimenezi mu 2023, patapita zaka 12, pamene kampani ina ya mathiraki imene inkafuna kumulemba udalaivala inaunika zala zake pa makina n'kumubweza.

Lamulo lofafaniza mbiri ya milandu ya akuluakulu lili mu ndime 271B ya Criminal Procedure Act yomweyo, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2009. Munthu ayenera kulimvetsa asanapereke ndalama kwa aliyense, chifukwa limene limagamula ngati athandizidwa ndi lamuloli, osati luso la kampani kapena kudziwika kwake. Payenera kukhala patadutsa zaka 10 kuchokera tsiku limene munthu anapezeka wolakwa, ndipo m'zaka zimenezo asakhale atapezekanso ndi mlandu wina umene anapatsidwira ndende popanda mwayi wa chindapusa. Kenako boma limayang'ana mtundu wa chilango chimene khoti linapereka, osati dzina la mlandu. Amaloledwa munthu amene khoti linangomuchenjeza n'kumumasula, amene linasiya kaye kumupatsa chilango, amene analipira chindapusa chosapitirira R20,000, amene anagamulidwa ndende koma ndi mwayi wosankha chindapusa chosapitirira ndalama yomweyo, amene chilango chake chonse cha kundende chinaimikidwa iye osalowa n'komwe, komanso amene anagwira chilango ali kunyumba moyang'aniridwa ndi a zandende kapena ankalowa m'ndende pa masiku oikidwa okha. Munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa opalamula milandu yogwiririra kapena m'kaundula wa anthu osayenera kugwira ntchito ndi ana saloledwa, pokhapokha dzinalo litachotsedwa kaye m'makaundula amenewo.

Pali mphekesera imene imayenda pakati pathu yoti mbiri ya mlandu imafufutika yokha pakatha zaka 10, ndipo mphekeserayi yaimitsa anthu ambiri amene akanatha kupempha kalekale. Gwero lake ndi ndime 271A, imene imanena kuti milandu ina yakale, pakatha zaka 10, siwerengedwanso pamene khoti likupereka chilango pa mlandu watsopano. Zimenezo zimathandiza kukhoti kokha. Pa kompyuta ya apolisi mlanduwo umakhalapobe, ndipo bwana wofuna kulemba munthu ntchito amauona ndithu.

Chimene ndinakondwera nacho kwambiri pa kampaniyi chinachitika pa foni yoyamba. Mayi amene anatiyankha sanathamangire kutchula mtengo. Anafunsa chaka chimene mlandu unachitika, khoti kapena polisi kumene chindapusa chinalipiridwa, kuchuluka kwa chindapusacho, ndiponso ngati mphwanga anapezekaponso ndi mlandu wina pambuyo pake. Titayankha kuchokera m'mutu, anati: "Bambo, zimene mukukumbukirazi sizingandikwanire, ndikufuna ndione zimene apolisi analemba, chifukwa nthawi zambiri zimasiyana." Anakana kulandira ndalama iliyonse mpaka titabweretsa kalata ya polisi yosonyeza mbiri ya milandu, ndipo anafotokoza kuti anthu ena amakumbukira chindapusa koma amaiwala kuti khoti linawonjezerapo chilango china, ena amasokoneza tsiku lomangidwa ndi tsiku lopezeka wolakwa, pamene zaka 10 zija zimawerengedwa kuchokera pa tsiku lachiwirilo. Kusamala kumeneku ndiko kunandipatsa chikhulupiriro, ndipo ndikuona kuti ndi njira yabwino yosiyanitsira kampani yoona ndi yachinyengo. Kampani imene yakulonjezani kuti zitheka isanaone pepala la polisi ikulonjeza chinthu chimene siikuchidziwa.

Koma panali chinthu chimodzi chimene mayiyo sanatiuze mpaka nditafunsa ndekha, ndipo chimenechi ndi chodandaulitsa changa chachikulu pa nkhani ya ndalama. Dipatimenti ya Zachilungamo, imene dzina lake lonse ndi Department of Justice and Constitutional Development, silipiritsa kanthu pofafaniza mbiri ya milandu. Fomu yopemphera, yotchedwa J744 kapena Form A, imapezeka ulere pa tsamba la intaneti la dipatimentiyo, ndipo munthu akhoza kuidzaza yekha n'kuitumiza kwa mkulu wa dipatimentiyo ku Pretoria popanda loya kapena kampani. Nditafunsa za zimenezi, mayiyo anavomera mosabisa, ndipo anandionetsa kuti mawu amenewa analembedwa pa kontirakiti yawo. Analembedwadi, koma m'timalemba tating'ono chakumapeto kwa pepala, pamalo amene munthu wothedwa nzeru chifukwa cha ntchito imene yamuphonya sangawerenge. Ife tinalipira pafupifupi R2,500, ndalama imene kwa wogwira ntchito ya m'nyumba kapena ya m'munda ndi gawo lalikulu la malipiro a mwezi. Sindikunena kuti kulipiritsa n'kulakwa, pakuti ntchito anagwira, koma kampani yoona mtima iyenera kunena pa foni yoyamba yomweyo kuti njira yaulere ilipo, kuti munthu asankhe akudziwa.

Ntchito yovuta kwambiri pa zonsezi, yotenga kalata ya polisi, tinagwira tokha, ndipo palibe kampani imene ingakugwirireni yonse chifukwa zala ndi zanu. Mphwanga anapita ku polisi ya kufupi ndi kumene amakhala, anadinda zala pa fomu ya SAPS 91(a), anapereka kope ya chiphaso chake, ndipo analipira ndalama imene apolisi amalipiritsa pa kalatayi, yomwe ndi yapadera, yosawerengedwa mu mtengo wa kampani. Kalatayi iyenera kukhala yotulutsidwa zaka 10 zija zitakwana kale, choncho amene ali ndi yakale ayenera kutenga yatsopano. Thandizo la kampani pa gawo limeneli linali loti munthu wawo anatenga mapepalawo kupita nawo yekha ku Criminal Record Centre ndi kukatenga kalatayo itatuluka, m'malo modalira positi. Kwa munthu amene bwana wake samupatsa tsiku lopuma pakati pa sabata, chimenechi ndi chinthu chenicheni chimene ndalama inagula.

Fomu ya J744 si yovuta monga mmene malonda a makampani amaionetsera. Imafunsa dzina, nambala ya chiphaso kapena pasipoti, keyala, mlandu ndi tsiku lake, ndipo pali malo ochonga mtundu wa chilango. Vuto lake kwa ena mwa ife n'lakuti ili m'chilankhulo cha malamulo, ndipo munthu amene sukulu sanapite nayo patali akhoza kuchonga pa malo olakwika, pempho n'kubwezedwa patatha miyezi. Kampaniyo inadzaza fomuyo mosalakwitsa, inaonetsetsa kuti kalembedwe ka dzina la mphwanga kakufanana pa chiphaso ndi pa kalata ya polisi, ndipo inakapereka pamanja ku Pretoria. Mfundo ya dzinayi ndi yofunika kwa ife Amalawi, chifukwa wapolisi wolankhula Chizulu kapena Chisutu akhoza kulemba dzina la Chichewa kapena la Chitumbuka mmene walimvera, ndipo ena anamangidwa ali ndi pasipoti yakale imene nambala yake inasintha. Pempho likalandiridwa, dipatimenti imanena kuti imafuna pafupifupi miyezi itatu kuti iunike. Ikavomereza imatulutsa satifiketi yofafaniza, imene imatumizidwa kwa mkulu wa Criminal Record Centre m'masiku 14 ogwira ntchito, ndipo apolisi akachotsa mbiriyo amayenera kulembera mwiniwake kalata yotsimikizira m'masiku 21 ogwira ntchito. Mukawerengera zonsezi pamodzi ndi nthawi yodikira kalata yoyamba ija, muona kuti nkhaniyi ndi ya miyezi ingapo, ndipo kampani ilibe mphamvu yoidumphitsa mzere. Yathu inatiuza zimenezi poyera, ndipo ndiyenera kuiyamikira pamenepa.

Pa nthawi yodikirayi m'pamene kampaniyo inafooka. Ndalama zitalowa, mauthenga a pa WhatsApp amene poyamba ankayankhidwa ola lomwelo anayamba kuchedwa, ndipo nthawi zonse ife ndife tinkayamba kufunsa. Nambala ya pempho imene dipatimenti inapereka sanatitumizire mpaka titaipempha, pamene nambala imeneyo ndi ya mwini pempho ndipo ndi yomwe akanatha kufunsira yekha. Kwa kampani fayilo ya mphwanga inali imodzi mwa mafayilo ambiri, koma iye anali pakhomo wopanda ntchito yokhazikika, ali ndi ana a sukulu ndi mayi athu kumudzi oyembekezera thandizo. Uthenga waufupi kamodzi pa mwezi, ngakhale wongonena kuti palibe chatsopano, ukanachepetsa nkhawa imeneyo.

Pempho linavomerezedwa, kalata ya apolisi yotsimikizira inabwera, ndipo mphwanga atatenganso kalata ya polisi yatsopano, inatuluka yopanda mlandu uliwonse. Pofuna kutithandiza kutenga kalata yachiwiriyi kampaniyo inatchula mtengo wina umene sunali pa kontirakiti, choncho tinakatenga tokha. Ndikulangiza aliyense kuti asadumphe kalata yachiwiriyi, ndiponso kuti asunge bwino makalata onse awiri, ya dipatimenti ndi ya apolisi, chifukwa kufafaniza kumachotsa mbiri ku Criminal Record Centre koma sikufika m'nyuzipepala, pa intaneti, kapena m'makalata akale amene makampani ounika anthu anasunga. Bwana akafunsa za mlandu umene anaumva kwina, mapepala amenewa ndiwo amakuyankhirani. Lamulo la zantchito lilinso kumbali ya munthu wotere. Mu Epulo 2024 khoti la zantchito ku Gqeberha linagamula, pa mlandu wokhudza kampani ya LexisNexis, kuti kukana kulemba munthu ntchito chifukwa cha milandu yakale imene inafafanizidwa ndipo siikukhudzana ndi ntchitoyo ndi tsankho losaloledwa pansi pa Employment Equity Act. Kampani yathu sinatiuze za ufulu umenewu, ndipo ndikuona kuti inayenera kutero, chifukwa anthu ambiri amene amabwera kwa iyo amabwera chifukwa cha ntchito.

Tsopano ndifike pa nkhani imene inandichititsa kulemba zonsezi m'Chichewa. Mphwanga ali ndi chilolezo chokhala m'dzikoli, choncho vuto lake linali la ntchito basi. Koma ndili pa ofesi ya kampaniyo ndinafunsanso m'malo mwa abale ena a kutchalitchi kwathu amene milandu yawo ndi yokhudza mapepala, ndipo apa mayi uja anavomera kuti iwo sadziwa zambiri, n'kundiuza kuti ndikafunse kwa loya wa za olowa ndi otuluka m'dziko. Kuvomerako kunali kwabwino kuposa kunama, komabe malonda awo amafika m'magulu a Amalawi, Azimbabwe ndi a ku Mozambique, ndipo kampani imene imaitana obwera iyenera kudziwa mavuto a obwera. Zimene ndinaphunzira pambuyo pake ndi zakuti pali mabuku awiri osiyana, la apolisi ndi la Home Affairs, dipatimenti yoona za ziphaso ndi za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo kufafaniza kumakhudza la apolisi lokha. Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30. Kuyambira mu Meyi 2014, amene wapitirira masiku ake amalembedwa pa chipata potuluka kuti ndi munthu wosafunika m'dzikolo, kwa chaka chimodzi ngati anapitirira ndi masiku osaposa 30, kwa zaka 2 ngati wabwerezanso mkati mwa miyezi 24, ndipo kwa zaka 5 ngati anapitirira ndi masiku oposa 30. Chiletso chimenechi si mlandu wa kukhoti, sichimaoneka pa kalata ya polisi, ndipo fomu ya J744 siingachichotse. Chimachotsedwa popempha ku Home Affairs komweko pansi pa Immigration Act, lamulo nambala 13 la 2002.

N'chimodzimodzinso ndi munthu amene anagwidwa, kusungidwa ku Lindela ku Krugersdorp, kumene amasungira obwera oyembekezera kubwezedwa kwawo, n'kubwezedwa kumudzi popanda kuzengedwa mlandu. Ameneyo ku Dipatimenti ya Zachilungamo alibe chofafaniza, koma ndime 29 ya Immigration Act imamuika m'gulu la oletsedwa kulowa mpaka mkulu wa Home Affairs atamuchotsamo. Wina amene anazengedwa mlandu wokhala m'dziko popanda chilolezo pansi pa ndime 49 ali ndi mbiri ku polisi, ndipo tsogolo lake lidalira chilango chimene analandira. Ngati khoti linamupatsa mwayi wa chindapusa chosapitirira R20,000, akhoza kupempha pakatha zaka 10. Ngati linamulowetsa m'ndende mwachindunji, ngakhale kwa miyezi yochepa, ndime 271B siimuthandiza. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa ndikudziwa anyamata ofatsa amene mlandu wawo wokha unali kusowa pepala, ndipo lamuloli limawatsekera khomo limene limatsegulira ena amene anavulaza anthu koma anapatsidwa chilango choimikidwa. Kampani imene ilandira R2,500 kwa munthu wotere popanda kumufotokozera kusiyana kwa mabuku awiriwa ikumugulitsa chinthu chimene sichingathetse vuto lake. Tionjezerepo kuti kufafaniza kwa ku Pretoria sikulamula maiko ena, choncho amene akufuna viza ya ku Britain kapena ku United States ayenera kufunsa wodziwa malamulo a maiko amenewo asanayankhe funso la milandu yakale pa fomu.

Amene ndime 271B siikuwakwanira ali ndi njira zina ziwiri, ndipo zonse zimafuna loya weniweni, osati kampani yodzaza mafomu. Munthu amene analipira chindapusa chovomera mlandu popanda kuuzidwa kuti chidzamusiyira mbiri akhoza kupempha Khoti Lalikulu kuti liunikenso n'kuchotsa chigamulocho, ngakhale zaka 10 zisanakwane, pakuti makhoti a dzikoli agamulapo kangapo kuti munthu ayenera kuchenjezedwa asanalipire. Amene analowa m'ndende mwachindunji akhoza kupempha chikhululukiro cha Pulezidenti pansi pa ndime 84(2)(j) ya malamulo oyendetsera dziko, koma chimenecho si ufulu wa munthu ndipo sichiperekedwa wamba. Bungwe la Legal Aid South Africa ndi zipinda zothandiza anthu pa zamalamulo za m'mayunivesite, monga ya Wits, ndi malo oyambira kwa amene alibe ndalama ya loya. Kampani yathu inali ndi loya amene imatumizako anthu, pa mtengo wina, ndipo inanena momveka kuti iyo payokha singaimirire munthu kukhoti.

Madobadoba amene amalonjeza kuchotsa dzina pa kompyuta m'sabata imodzi, kapena zaka 10 zisanakwane, ponena kuti ali ndi munthu wawo mkati, ndi oyenera kuwathawa. Ena amangodya ndalama n'kuzimitsa foni, ena amapereka kalata yabodza imene imaululika bwana akaunika zala pa makina. Ngakhale atakhaladi ndi munthu mkati, lamulo lomwelo limanena kuti kufafaniza mbiri popanda satifiketi ya dipatimenti ndi mlandu umene chilango chake chingafike zaka 10 m'ndende, ndipo wopereka chiphuphu nayenso amapalamula pansi pa lamulo lothana ndi katangale la 2004. Munthu amene anali ndi chindapusa cha R500 akhoza kutuluka mu njira imeneyi ali ndi mlandu umene sudzafafanizikanso.

Pali magulu ena amene sayenera kudikira zaka 10, ndipo mayi wa kukampani uja ankawadziwa bwino. Amene anapalamula ali mwana amatsata ndime 87 ya Child Justice Act, lamulo nambala 75 la 2008, imene imalola kufafaniza pakatha zaka 5 pa milandu ing'onoing'ono ndi zaka 10 pa yokulirapo, ndipo fomu yake ndi ina. Amene analipira chindapusa chovomera kuphwanya malamulo a nthawi ya Covid-19 anaganiziridwa mu Judicial Matters Amendment Act ya 2023, imene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu 2024, yomwe ili ndi ndime yochotsa mbiri zoterezi. Za chamba chosuta munthu payekha, Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linagamula mu Sepitembala 2018 kuti si mlandu kwa munthu wamkulu pamalo ake, ndipo Cannabis for Private Purposes Act, imene inasainidwa mu Meyi 2024, ilinso ndi gawo lofafaniza milandu yakale ya mtundu umenewo. Aliyense wa m'magulu awiri omalizawa ayambe watenga kalata ya polisi kuti aone chimene chikuoneka lero, asanalipire kampani.

Pa kasungidwe ka zinsinsi kampaniyo inachita bwino. Inatisainitsa pepala lovomereza kuti igwiritse ntchito mbiri ya mphwanga, monga mmene Protection of Personal Information Act ya 2013 imafunira, ndipo sinandiuze kanthu ine, ngakhale ndinali wolipira, mpaka mphwanga atalemba kuti akulola. Poyamba zinandidabwitsa, koma ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa mbiri ya mlandu ikatuluka pakati pa abale ndi anansi siibwereranso. Chilankhulo ndiye chinali chopinga. Ogwira ntchito ankalankhula Chingerezi ndi Chizulu, kontirakiti inali ya Chingerezi chokhachokha, ndipo munthu amene samva bwino zilankhulo zimenezi ayenera kupita ndi womasulira amene amamukhulupirira, zomwe zikutanthauza kuulula chinsinsi chake kwa munthu wina.

Ndiye kodi ndani ayenera kulipira kampani yotere? Munthu amene amawerenga Chingerezi, ali ndi mlandu umodzi womveka bwino, ndipo akhoza kufika ku Pretoria kapena kutumiza mapepala kudzera ku makampani onyamula makalata, ndikumulangiza adzichitire yekha, ndalamayo agulire ana chakudya. Amene ali ndi milandu ingapo ya zaka zosiyana, kapena amene dzina ndi nambala yake zinalembedwa mosiyana pa mapepala, akhoza kupindula ndi diso la munthu wozolowera ntchitoyi. Koma amene ndikuona kuti kampani ingawathandize koposa ndi abale amene anabwerera kumudzi ndipo tsopano akufunsidwa kalata ya polisi ya ku South Africa pofuna ntchito kapena viza ya dziko lina. Apolisi a ku South Africa amalandira mapempho ochokera kunja, zala zikadindidwa ku polisi ya dziko limene munthu ali kapena ku ofesi ya kazembe wa South Africa, imene ku Malawi ili ku Lilongwe, koma kutumiza mapepala, kulipira mu ndalama ya rand, ndi kukatenga makalata ku Pretoria n'kovuta kwa munthu amene ali ku Mangochi kapena ku Mzimba. Pamenepo kukhala ndi munthu wodalirika wokuyenderani kuli ndi phindu lenileni. Ameneyo asanatumize ndalama apemphe kontirakiti yolembedwa imene ikutchula mtengo wonse pamodzi ndi wa kalata yachiwiri ya polisi ndi wonyamulira mapepala, imene ikulonjeza kumupatsa nambala ya pempho lake ikangotuluka, ndiponso imene ikunena ndalama zimene adzabwezeredwe ngati kalata ya polisi itasonyeza kuti lamulo silikumulola kupempha.